Wulu wotsala, patani ya lichero ndi mtengo wa manja athu

Mawu amene analankhula mmodzi wa mamembala a nthambi ya ku Durban pa mwambo wokumbukira kubadwa kwa gulu lathu

 

Amayi apampando atandiimbira foni kuti ndidzalankhule lero, ndinayamba ndaseka. Ndinati, kodi atha anthu odziwa za masheya ndi chiwongoladzanja kuti mpaka muitane mayi wa wulu? Iwo anati, “Inu bwerani ndi zomwe mumadziwazo, komanso mudzainene poyera nkhani ija mumangoinong'ona m'makona.” Ndiye ndabwera nazo zonse ziwiri. Ya m'makonayo ndiifika, musade nkhawa. Ndaona ena mwayamba kale kuyang'ana pansi.

Chimene ndafunda paphewachi ndi shawelo ya lesi. Ndati lesi, osati ulesi, chifukwa imeneyi yokha inandidyera masabata asanu. Muiyendetse m'mizeremo aliyense aigwire, koma amene mwadya kale nyama muyambe mwapukuta m'manja.

Ine kuluka ndinaphunzira monga ambiri a inu. Kwathu ku Dedza mwezi wa June sufunsa kuti uli ndi ndalama kapena ayi. Tinkatenga masipoko a njinga, kuwanola pamwala, n'kumasula juzi yakale yothaitha kuti tipeze wulu wolukira chipewa cha mwana. Kenako kunabwera madoilo, aja tinkayala pamipando ndi pawailesi kuti mlendo adziwe kuti m'nyumba muno muli mayi. Achemwali a ku Zimbabwe amene muli muno, inu ndiye mukudziwa bwino kuti madoilo anaphunzitsa ana angati sukulu. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amayi anu ankawoloka pa Beitbridge ndi zikwama zodzaza madoilo, kudzagulitsa khomo ndi khomo kuno ku Joni, n'kubwerera ndi mapoto, mabulangete ndi fizi. Malonda odutsa malire amene tikunyadira lerowa, ena mwa amene anatsegula njira yake anali amayi oluka.

Koma lesi ya masingano awiri ndinadzaidziwira kuno. Ndinkasamalira agogo ena achizungu ku Glenwood. Manja awo anali akadali bwino, koma maso anali atatha. Ankati akaluka mizere itatu, asokoneza, ndiye amandiitana kukhitchini kuti ndidzawawerengere masitichi. Ndinawerenga chaka chathunthu ndisakudziwa chimene ndikuwerenga. Tsiku lina anangoti, “Khala pansi, mbale zidikira.” Anandiphunzitsa osandidula ngakhale senti pamalipiro, ndipo pamene ana awo ankawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba, anandisiyira masingano awo onse m'chitini cha mabisiketi. Ndi omwewa ndikulukira mpaka lero.

Agogowo ndi amene anandiuza za zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, kumene amayi amaluka shawelo yaikulu yopyapyala kwambiri moti yonse imadutsa mu mphete ya ukwati. Ndinkayesa nthabwala mpaka ndinadzaona chithunzi. Koma anandiuzanso mbali ina. Amayi amenewo kwa zaka zambiri sankalandira ndalama pa ntchito yawoyo. Eni masitolo ankawalipira ndi tiyi, shuga kapena nsalu, pa mtengo umene mwini sitoloyo wafuna, mpaka boma la Britain linatumiza anthu kukafufuza nkhaniyi mu 1872. Mugwiritsitse nkhani imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Tsono lesi n'chiyani? Ndi mabowo oikidwa pamalo pake mwadala. Kuti upange bowo, umakulunga ulusi pa singano osalowetsa mu sitichi iliyonse. Ukatero wawonjezera sitichi imodzi imene panalibe. Sitichi imeneyo ndi ngongole. Uyenera kuibweza mumzere womwewo pogwira masitichi awiri n'kuwaluka ngati imodzi. Mabowo asanu ndi limodzi, kuphatikiza kasanu n'kamodzi. Ukaiwala kamodzi kokha, kumapeto kwa mzere nambala sigwirizana, ndipo ukanyalanyaza n'kupitirira, duwa lonse limapendekeka, mzere uliwonse likunka likhota. Amayi asungichuma, ndaona mukugwedeza mutu. Ndi buku lanu lomwe lija. Ine ndinayamba kumvetsa chifukwa chimene mumatikaniza kupita kunyumba R5 ikasowa nditayamba kuluka lesi.

Anthu amandifunsa kuti mapatani ndimawatenga kuti. Oyamba ndinkakopera m'mabuku a agogo aja, ena pa YouTube. Koma ndinatopa n'kuluka masamba a mitengo imene sindinaionepo. Ndinagula kope la masamu, la timabokosi lija, n'kuyamba kujambula zanga: kabokosi kamodzi sitichi imodzi, kozungulira ndi bowo, kamzere kopendama ndi pophatikiza. Ndinajambula tsamba la chinangwa, linakana, linkaoneka ngati phazi la nkhuku. Ndinajambula mawanga a nkhanga, anatheka. Imene inandituluka bwino kuposa zonse ndi ya lichero, mizere yopingasana monga mmene nsungwi zimalowerana, zitatu pamwamba zitatu pansi. Ndinaimasula kasanu n'kawiri isanakhale bwino. Ndi imene ili m'manja mwanuyo.

Musanayambe shawelo yonse, lukani kachidutswa kofanana ndi chikhatho, mukachape, mukayanike, muone mmene kakhalire. Ndikudziwa kuti simudzatero, inenso ndinkakana, mpaka ndinaluka shawelo ya mkwatibwi imene inatuluka ngati ya chidole.

Pali chinthu china chimene chagwetsa ambiri m'ngongole, ndiye mumvetsere. Shawelo ya makona atatu imayambira pakhosi ndi masitichi ochepa, ndipo pa mizere iwiri iliyonse umawonjezera anayi: imodzi mbali iyi, imodzi mbali iyo, awiri pamsana. Poyamba imathamanga, usiku umodzi waluka chikhatho chonse, mtima n'kumati Loweruka ndimaliza. Koma mzere uliwonse ukutalika. Ukafika theka la kutalika kwake, wagwiritsa ntchito gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a wulu. Atatu onse akadali kutsogolo, pamodzi ndi nthawi yake. Mayi amene sadziwa zimenezi amagula mipukutu iwiri, amalonjeza kasitomala tsiku, n'kulandiriratu ndalama. Ine ndimayeza wulu pa sikelo ya kukhitchini ndisanayambe, ndipo ndimayezanso ndikafika pakati.

Komanso pakapita mizere khumi, muzilowetsa ulusi wa mtundu wina m'masitichi onse n'kuusiya momwemo. Mukadzalakwitsa, mumamasula mpaka pa ulusiwo basi, osati mpaka pakhosi. Magetsi akathima muli pakati pa mzere, mudzandikumbuka.

Ikachoka pa masingano, lesi imaoneka ngati chisanza. Musalire. Inyikeni m'madzi ofunda pang'ono, muifinye m'thaulo osaipotokola, muitambasule pa matiresi n'kuibaya ndi mapini kona iliyonse. Ikauma, mabowo onse amatseguka. Kuno ku Durban, ndi chinyezi chathuchi, imatha masiku awiri, ndipo musaiike m'pulasitiki isanaumitsitse, ichita chuku. Wulu wa nkhosa ndi mohair zimasunga mmene mwazitambasulira. Wulu wotchipa uja wa acrylic umabwerera mwakale; umafuna nthunzi ya ayironi, koma ayironiyo isakhudze, chifukwa ndi pulasitiki, umasungunuka. Za mohair ndinenepo pang'ono, popeza ena mumaganiza kuti amachokera ku Ulaya. Ndi ubweya wa mbuzi za Angora zoweta ku Karoo, umagulitsidwa ku Gqeberha, ndipo pafupifupi theka la mohair wa dziko lonse lapansi ndi wa dziko lino la South Africa. Tikukhala pakhomo pa mwini munda. Koma wa kasitomala wa konkuno, amene akaivala mu December ku ukwati ku Umlazi, mulukireni ya thonje, angakutukwaneni ndi thukuta.

Tibwere ku mitundu, pamene timakanganirana kwambiri.

Pa pepala lokulunga mpukutu uliwonse pamakhala manambala awiri, ya mtundu ndi ya mphika umene ananyikamo wuluwo. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma ya miphika yosiyana, m'sitolo imaoneka yofanana. Mukailuka pamodzi n'kutuluka nayo padzuwa, pakati pa shawelo pamaoneka mzere ngati malire a munda. N'chifukwa chake wulu wa shawelo imodzi umagulidwa tsiku limodzi, wonse, ndi mpukutu wina wapadera. Apa m'pamene ngongole ya gulu imagwira ntchito yake yeniyeni. Mayi wogula mpukutu umodzi umodzi malinga ndi zimene wapeza paganyu sangaluke chinthu chogulitsa mtengo wabwino.

Musasankhe mtundu pansi pa magetsi a m'sitolo. Pemphani mutuluke nawo pakhomo. M'masitolo a ku Grey Street, imene pano akuti Dr Yusuf Dadoo Street, anandizolowera, amangoti mayi wa pakhomo uja wabwera. Ngati mukufuna kuphatikiza mitundu iwiri, iikeni pamodzi, muijambule ndi foni, chithunzicho muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera. Ikaoneka ngati mtundu umodzi, ndiye kuti munthu ali chapatali sadzaona kusiyana kwake, ngakhale wina ndi wofiira wina wobiriwira. Ndipo wulu uja wosinthasintha mitundu pa mpukutu umodzi, wokongola m'sitolo ngati maswiti, musalukire lesi. Umameza patani yonse. Masabata asanu a mabowo, munthu n'kumangoona mawangamawanga.

Pali bodza lina limene tinakula nalo, loti munthu wakuda bii asavale zowala. Ine ndaveka amayi akuda ngati ine shawelo yachikasu, ya mtundu wa lalanje, yobiriwira ngati masamba a mpiru, tchalitchi chonse n'kutembenuka. Umene umatizimitsa ndi wotuwa ngati phulusa ndi kirimu wofooka uja. Ndimauza kasitomala kuti abwere ndi diresi kapena chitenje chimene adzavalire, ndipo sinditenga mtundu waukulu wa pachitenjepo. Ndimafufuza kamtundu kakang'ono kobisala m'maluwa, n'kukatulutsa.

Koma mtundu uli ndi mwambo wake, ndipo kuno ndife alendo. Amayi a Mvano afuna yoyera, zimenezo n'zodziwika. Kwa anzathu achizulu, mkazi wamasiye amavala zakuda kapena buluu wakuda uja. Ine osadziwa, ndinalukira mayi woyandikana naye nyumba shawelo ya buluu wakuda ngati mphatso, amuna awo ali moyo, akudwala. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, koma sanaivale. Ndinadzauzidwa ndi mwana wawo patapita miyezi. Safunsa anadya phula. Mwambo womwewo ukhozanso kukudyetsani: mtengwa watsopano kuno, makoti, amafunda shawelo paphewa polemekeza apongozi, ndiye mabanja amafuna yabwino.

Tsopano nkhani ya m'makona ija.

Panali mtsikana wina m'gulu lathu lino, mwana wa kwathu, wangofika kumene, ntchito alibe. Ndinamutenga. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankabwera kwanga, miyezi itatu. Ndinamupatsa masingano awiri a m'chitini chija, ndinamukopetsa patani ya lichero m'kope langa ndi dzanja lake. Sindinamulipiritse, inenso sindinalipire. Patapita miyezi ingapo, kasitomala wanga wakale, amene ankandigula chaka ndi chaka, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Lichero langa. Anati, “Yomweyi ndaipeza theka la mtengo wanu, mwakhala mukundibera eti?”

Amayi, zinandiwawa. Kasitomala anapita, n'kundisiyira dzina la wakuba. Sindinapite kukamufunsa mtsikanayo. Ndinachita zimene timachita ife, kuuza aliyense kupatula mwini wake. Ndinasiya kuphunzitsa. Pamisonkhano ndinkabwera ndi zoluka zosavuta, za lesi ndinkabisa kunyumba. Alipo amayi awiri muno amene anandipempha kuti ndiwaphunzitse nthawi imeneyo, ndinawayankha kuti maso akundivuta. Maso anali bwinobwino. Pepani.

Kenako kunabwera mvula ya pa 11 ndi 12 April 2022. Simufuna kukumbutsidwa, anthu oposa 400 anatisiya m'chigawo chino. Ine ndinali ku Isipingo. Moyo ndinapulumuka, koma madzi analowa m'chipinda mpaka m'chiuno, ndipo pansi pa bedi panali katoni ya mohair amene ndinali nditangogula ndi ngongole ya gulu. Mohair akalowa matope sachapika, amagwirana ngati chikumba. Ngongole yonse inali m'matopemo.

Patapita sabata, ndili kwa mnzanga kumene ndinkagona, ndinamva odi. Mtsikana uja, atasenza thumba la mpunga lodzaza wulu. Anayenda kwa mamembala, kwa amayi achizulu a kutchalitchi kwawo, kwa adona amene ankawachapira, kupempha zotsala. Timipukutu tina ngati dzira, tina ngati ndimu, mitundu yosayenderana ngakhale pang'ono. Pamwamba anaika masingano awiri aja. Sanapepese za lichero, ndipo mpaka lero sanapepese. Anangoti, “Amama, ndamva.”

Ndi wulu wotero sungaluke lesi ya mtundu umodzi. Ndinakhala pansi ndi foni yanga, kujambula zakuda ndi zoyera, kusanja kuyambira wakuda kufika wowala, n'kuluka mashawelo a mizeremizere, mabowo ochepa. Sanali okongola ngati enawo, ndisakunamizeni. Koma anagulidwa, komiti inandiwonjezera miyezi, ndipo ngongole ndinabweza yonse.

Tili pa ntchito yosanja wuluyo m'pamene ndinamufunsa za mtengo uja. Tinatenga pensulo. Wulu anagula R240. Taxi yopita m'tauni ndi kubwerera, R40. Anagulitsa R350. Ndinamufunsa kuti unaluka maola angati, anati sanawerenge. Titayerekeza anakwana 40. Ndiye kuti manja ake anagwira maola 40 pa R70. Sipakwana R2 pa ola. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa anapitirira R25 pa ola mu 2023. Mwanayu sankandibera ine, ankadzibera yekha, ndipo mwa iye yekha ankaona ngati wapindula chifukwa m'manja munali R350. Amayi a ku Shetland aja ankawapatsa tiyi ndi eni masitolo. Ife timadzipatsa tokha tiyiyo.

Ndipo wolakwa woyamba ndinali ine. Ndinamuphunzitsa kuwerenga masitichi, osamuphunzitsa kuwerenga mtengo. Ndinamupatsa theka la luso.

Ena mwa inu munandiuza nthawi ija kuti, mwaona, kukoma mtima kumapweteketsa, luso sagawa. Sindikuvomereza. Patani sibisika, aliyense wa maso akuthwa akhoza kuiwerenga pa shawelo ili paphewa la munthu mu taxi. Chimene ndinapindula pobisa ndi chaka chathunthu choluka ndekha ndili ndi mkwiyo, ndi oda ya mashawelo asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi imene ndinaikana chifukwa ndinalibe wondithandiza. Koma sindikuvomerezanso enanu amene mumati kupatsa n'kuika pofuna kuti ndikulukireni ulere. “Mundilukireko kamodzi, si mumangoluka mukuonera TV.” Ayi. Mlamu wanga amene amayendetsa katundu kupita ku Blantyre sananditengerepo katoni ulere chifukwa choti akupita komweko. Luso ndigawa, wulu wotsala ndigawa, masingano ndibwereka. Masabata asanu a msana wanga ali ndi mtengo, ndipo mnzanga akautsitsa, watsitsira tonse.

Kupatsa kwenikweni kuli ndi malo ake, ndipo oluka amakudziwa kuposa ena. Muno mu South Africa muli 67 Blankets for Nelson Mandela Day, imene Carolyn Steyn anayambitsa Zelda la Grange atamupempha mabulangete 67 kumapeto kwa 2013. Anthu analuka mpaka mu 2015 anakayala mabulangete pa Union Buildings ku Pretoria, n'kulowa m'buku la Guinness, kenako n'kugawira osowa. Ifenso namondwe Freddy atagwetsa mapiri kwathu mu March 2023, amayi a nthambi ino tinakhala mausiku angapo tikuluka tizipewa ndi timabulangete ta ana a m'misasa ku Blantyre. Palibe anafunsa za maola. Kusiyana kwake n'koti pamenepo tinasankha tokha kupereka, tikudziwa chimene tikupereka.

Ndiye amayi apampando, pempho langa ku komiti ndi ili. Nthambi iliyonse ikhale ndi katoni ya wulu wotsala ndi masingano obwereka, ndipo zilembedwe m'buku monga timalembera ndalama, wotenga asaine, akagulitsa abwezemo mpukutu. Pakhalenso kope limodzi la mapatani limene aliyense angakopere, pansi pa patani iliyonse palembedwe amene anaipanga ndi kwawo, kuti ikakafika ku Lilongwe kapena ku Chipata adziwe kuti lichero linachokera ku Dedza kudzera ku Isipingo. Koma wokopera avomere chinthu chimodzi: mtengo wotsikitsitsa tizigwirizana pamsonkhano, ndi pensulo, maola ali momwemo. Shawelo ya mwana wobadwa kwa membala, ndi ya membala amene waferedwa, imeneyo tiziluka ulere mosinthana, wulu uzichokera m'thumba la zadzidzidzi. Mukakambirane, mwina muona zina zimene ine sindinazione.

Kope langa ndabwera nalo, lili pa tebulo kumbuyoko pafupi ndi khomo, ndipo lichero lili pa tsamba loyamba. Amene akhale pamenepo kukuthandizani kukopera ndi mtsikana uja, popeza pano amailuka mwachangu kuposa ine. Amayi awiri aja ndinawanamiza za maso, Loweruka likubwerali 2 koloko ndili pakhomo, mubwere ndi wulu wowala, osati wakuda. Ndipo amene shawelo yanga yathera kwa inu kumbuyoko, ndikuiona, ibwerere kuno.